Kodi lacrosse ndi masewera a kum'mawa kwa America basi?

Funso: Ndine mayi wa ana awiri, tikukhala m'chigawo cha Indiana ku America. Mwana wanga wamwamuna wa zaka 14 walowerera masewera a lacrosse, ndipo mlongo wake wa zaka 10 nayenso wayamba kulirira ndodo yakeyake. Kochi wa mnyamatayu akuti ngati tikufuna adzasewere ku yunivesite, tizimutumiza ku mipikisano ya ku Maryland ndi New York pa holide yaitali, ati lacrosse weniweni ali kum'mawa. Komatu ena amati masewerawa afalikira dziko lonse, za kum'mawazo n'zakale. Ndimvere ndani? Ndalama zake si zocheza.

Yankho: Mayi, kochiyo sakukunamizani, kungoti sanakuuzeni zonse. Masewerawa afalikiradi. Lero mupeza ana akuthamanga ndi ndodo ku Texas, ku Utah ndi ku Georgia, kumene zaka 40 zapitazo anthu sankawadziwa n'komwe. Koma kufalikira n'kwina, kuzika mizu n'kwinanso. Chimene madera a kum'mawa ali nacho mpaka pano ndi ana aluso ambiri pamalo amodzi, pamodzi ndi makochi amene anakulira m'masewerawa. Mukamvetsa mmene zinafikira pamenepa, mudziwa nokha poika ndalama zanu ndi posaika.

Kwa anzathu amene akuwerenga ali kumudzi ndipo sanawaonepo: anyamata amasewera khumi mbali iliyonse, atsikana 12, pa bwalo lalikulu ngati la mpira wa miyendo. Aliyense amakhala ndi ndodo yokhala ndi kaukonde kumapeto, kamene amawakhira, kunyamulira ndi kuponyera kampira ka labala kolimba, kocheperako pang'ono kuposa ka tenisi. Golo yake ndi yaing'ono, mamita 1.8 m'litali ndi m'lifupi momwe, ndipo osewera amaloledwa kuzungulira kuseri kwake. Anyamata amagundana ndi kumenyana ndodo, ndiye amavala helimeti, magulovu ndi zotchinga mapewa. Malamulo a atsikana salola kugundana, choncho ambiri amangovala zoteteza maso ndi mano. M'masukulu nyengo yake ndi kuyambira Febuluwale kapena Malichi mpaka Meyi.

Eni ake a masewerawa si Azungu. Ndi mitundu ya anthu amene Azungu anawapeza ku North America, makamaka a Haudenosaunee, amene ena amawatchula kuti Iroquois: a Mohawk, Oneida, Onondaga, Cayuga, Seneca ndi Tuscarora. Kwawo ndi kumpoto kwa chigawo cha New York ndi mbali za Ontario ndi Quebec ku Canada. Iwo amati masewerawa anapatsidwa ndi Namalenga, ndipo amawasewera ngakhale pofuna kuti wodwala achire. Wansembe wa ku France, Jean de Brébeuf, analemba za masewerawa cha m'ma 1630 atawaona pakati pa anthu a mtundu wina wotchedwa Huron. Mu 1867 dokotala wa mano wa ku Montreal, William George Beers, anawalembera malamulo, ndipo kuchokera ku Montreal anatsikira kummwera: ku New York University mu 1877, kenako Harvard, Princeton, ndi yunivesite ya Johns Hopkins ya mumzinda wa Baltimore, m'chigawo cha Maryland, mu 1883. Mukaika malo amenewa pa mapu, mwajambula kale dera limene kochi wanu akulitcha kum'mawa. Kwa zaka pafupifupi 100 malire ake sanasunthe kwenikweni.

Komabe kum'mawako si kofanana konse, ndipo apa m'pamene ambiri amasokonezera. Ku Baltimore lacrosse anakulira m'sukulu zolipira za anthu opeza bwino: Gilman, Boys' Latin, St. Paul's, McDonogh, ndi za Akatolika monga Calvert Hall ndi Loyola Blakefield. Sukulu zimenezi zili moyandikana, zimasewera mu ligi imodzi, ndipo mulibe masewero opumirako. Timu imene ili pa nambala 7 mu ligi imeneyi ikhoza kukatenga chikho cha chigawo chonse kwina. Johns Hopkins ndiyo inaimira America ku Olimpiki mu 1928 ndi 1932, pamene lacrosse ankangoonetsedwa chabe. Timu yoyamba ya atsikana m'dzikomo inayambira pa Bryn Mawr School ku Baltimore komweko mu 1926, ndipo woiyambitsa anali Rosabelle Sinclair, amene anaphunzira masewerawa pa sukulu ya St Leonards ku Scotland. Atsikana a McDonogh anapambana masewero 198 motsatizana kuyambira 2009 mpaka 2018, ndipo amene anadzawagonjetsa sanachokere kutali, anali aneba awo a Notre Dame Prep. Likulu la USA Lacrosse, bungwe loyang'anira masewerawa m'dzikomo, lili ku Sparks, kumpoto kwa mzindawu, ndipo mu 2004 chigawo cha Maryland chinachita kukhazikitsa mwalamulo kuti lacrosse ndiwo masewera ake a timu.

Ku New York nkhani yake ndi ina, ndipo ine imeneyi ndi imene imandikomera. Kumeneko mphamvu zambiri zili m'sukulu za boma. Pa chilumba cha Long Island pali sukulu monga Manhasset, Garden City ndi Ward Melville, ndipo m'matauni ambiri a pachilumbachi ana a apolisi, a ozimitsa moto ndi a aphunzitsi amasewera limodzi ndi ana a maloya. Kumpoto, pafupi ndi mzinda wa Syracuse, Mike Messere anaphunzitsa West Genesee, sukulu ya boma, kwa zaka zoposa 40 n'kutenga chikho cha chigawo ka 15. Pa nthawi ina anyamata ake anapambana masewero 91 osagonjako. Ana atatu a bere limodzi, Casey, Ryan ndi Mike Powell, anachokera ku Carthage, katauni ka mafakitale a mapepala, onse n'kukavala jezi nambala 22 ku Syracuse University. Ndipo makilomita ochepa kummwera kwa Syracuse kuli dziko la a Onondaga, kumene mwana wamwamuna akabadwa amamuikira kandodo ka mtengo pogona pake. Lyle ndi Miles Thompson, amene mu 2014 anagawana mphoto ya Tewaaraton ya wosewera bwino koposa m'mayunivesite, anakulira kumeneko. Munthu akamati lacrosse ndi wa ana a mabwana okhaokha, dziwani kuti waona Baltimore ndi Connecticut, koma ku Carthage sanapondeko.

Nanga n'chiyani chinatsekereza masewerawa m'dera limodzi nthawi yonseyi? China chachikulu chinali ndodo yeniyeniyo. Mpaka cha m'ma 1970 ndodo zinali za mtengo wa hickory, zosema pamanja, ndipo zambiri zinkachokera kwa amisiri a Mohawk a ku Akwesasne, m'malire a New York ndi Canada. Mtengowo ankauwaza, kuuumitsa miyezi yambiri, kuufewetsa ndi nthunzi n'kuupinda, kenako kuluka ukonde wa zikopa. Ndodo imodzi inkatenga pafupifupi chaka kuti ithe kukonzedwa, panalibe ziwiri zofanana kulemera, ndipo yako ikathyoka pakati pa nyengo unali m'madzi. Sukulu ya ku Ohio sikanangodzuka n'kuitanitsa ndodo 40. Mu 1970 kampani ya STX ya ku Baltimore inatulutsa mutu wa ndodo wa pulasitiki, wopepuka, wofanana mbali zonse, wopangidwa ndi makina. Patangopita zaka zochepa ndodo za mtengo zinasowa m'mabwalo a anyamata a m'mayunivesite. Masewerawa anayamba kufika kutali, koma amisiri aja ntchito inawathera m'manja, ndipo ndi ochepa, monga malemu Alf Jacques wa ku Onondaga, amene anapitiriza kusema.

Zina zinatsatira. Lamulo la Title IX la 1972 linakakamiza sukulu zolandira ndalama za boma kuti zizipereka mwayi wofanana kwa atsikana ndi anyamata, ndipo lacrosse wa atsikana anali njira yosaboola m'thumba: bwalo lilipo kale, zida n'zochepa, timu imatenga ana ambiri. Wailesi ya kanema ya ESPN inayamba kuonetsa ndime zomaliza za chikho cha mayunivesite kumapeto kwa Meyi, ndipo mu 2007 ndi 2008 anthu oposa 48,000 analowa m'bwalo kudzaonera fainali. Mabungwe amene anali omwazikana anaphatikizana mu 1998 n'kupanga US Lacrosse, lomwe lero ndi USA Lacrosse lija. Koma chachikulu pa zonse, mmene ndikuonera ine, chinali kusamuka kwa anthu. Amene anasewera ku Long Island ndi ku Baltimore atapeza ntchito ku Denver, Dallas, Atlanta ndi San Diego anapita ndi ndodo zawo, ana awo atasinkhukirako n'kuyambitsa timu ya m'dera. Fufuzani mbiri ya timu yamphamvu ya kumadzulo, kawirikawiri mupeza bambo kapena mayi wotere kumayambiriro kwake.

Ziwerengero za NFHS, bungwe logwirizanitsa masewera a m'sukulu za sekondale, zikuonetsa kuti chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 anyamata osewera lacrosse anali chapafupi ndi 40,000, atsikana osafika pamenepo. Pofika 2019 anyamata anali atapitirira 110,000, atsikana atatsala pang'ono kukwana 100,000. Ndi kukula kwakukulu ndithu, komabe muziyerekeze ndi mpira wa chiamerika, umene anyamata ake ndi pafupifupi miliyoni imodzi. Liwiro lija nalonso linachepa, ndipo kwa anyamata chiwerengero chakhala chikuzungulira pomwepo kwa zaka zingapo. Zoti awa ndi masewera okula mofulumira kuposa onse zinali zoona zaka 15 zapitazo. Lero amene akuzikakamira kwambiri ndi ogulitsa zida. Chofunika kuyang'ana n'chakuti kodi bungwe la masewera a sukulu m'chigawo chanu linawavomereza? Michigan inavomereza mu 2005, Ohio mu 2017, Illinois mu 2018. Ku Texas, ngakhale kuli matimu abwino ngati Highland Park ya ku Dallas, bungwe la sukulu za boma silinawatengebe, ndiye amayendetsedwa ngati makalabu. Kusiyana kwake kumamveka m'thumba. Kumene anavomerezedwa sukulu imalipira kochi, basi ndi bwalo. Kumene sanavomerezedwe amasonkha ndi makolo. Mwina Olimpiki ya 2028 ku Los Angeles idzawonjezera moto, popeza lacrosse adzabwererako monga mpikisano wa mendulo koyamba chichokere 1908, m'kaseweredwe ka anthu asanu ndi mmodzi mbali iliyonse kotchedwa sixes.

Tsopano tione zikho, pakuti ndizo zimene kochi wanu akudalira. Chikho cha anyamata cha NCAA, bungwe loyendetsa masewera a m'mayunivesite, chinayamba mu 1971. Kuyambira chaka chimenecho mpaka 2009, zaka 39 zathunthu, chinkangozungulira m'manja mwa mayunivesite asanu ndi awiri: Cornell, Virginia, Maryland, Johns Hopkins, North Carolina, Syracuse ndi Princeton. Kenako ena anayamba kulawako, Duke mu 2010, Loyola ya ku Baltimore mu 2012, Yale mu 2018, koma onsewa ndi a kum'mawa ndithu. Chogwedeza chenicheni chinachitika mu 2015, pamene University of Denver inakwapula Maryland ndi zigoli 10 kwa 5 ku Philadelphia, n'kukhala timu yoyamba ya kumadzulo kutenga chikhochi. Ambiri anati basi, ufumu wa kum'mawa watha.

Koma taonani amene anali m'timu imeneyo. Kochi wake Bill Tierney anakulira ku Long Island, ndipo anapita ku Denver mu 2009 atatenga kale zikho zisanu ndi chimodzi ndi Princeton. Womuthandiza pa mbali yogoletsa, Matt Brown, ndi wa ku British Columbia ku Canada, monganso Wesley Berg, amene anasankhidwa kukhala wosewera bwino pa ndime zomalizazo. Trevor Baptiste, amene ankalanda mipira iwiri mwa itatu iliyonse yoyambira pakati pa bwalo, anachokera ku New Jersey. Anyamata a ku Colorado analimo, inde, koma nsanamira za timuyo zinali zobwera. Za yunivesite ya Notre Dame ya kwanu ku South Bend, imene inatenga chikho mu 2023 ndi 2024, n'chimodzimodzi. Kevin Corrigan, amene wakhala akuiphunzitsa kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, anasewera ku Virginia, ndipo ogoletsa ake oopsa, Pat ndi Chris Kavanagh, ndi munthu ndi mng'ono wake a ku Long Island. Ngakhale Culver Academies, sukulu yogonera komweko ya ku Indiana imene imagwetsa zimphona za kum'mawa, ambiri mwa osewera ake imawatenga ku Canada ndi m'zigawo zina.

Aluso obadwira kutali alipo, ndipo akuchuluka. Peter Baum wa ku Portland, Oregon, analandira Tewaaraton mu 2012 akusewerera Colgate. Jared Bernhardt wa ku Florida anailandira mu 2021 ali ku Maryland, ngakhale kuti bambo ake anasewera lacrosse ku Hofstra, pa Long Island pomwe paja. Katswiri mmodzi angatuluke kulikonse. Chimene madera atsopano sanakhale nacho ndi mnyamata wa nambala 15 kapena 20 pa timu amene nayenso amawakha mpira osaugwetsa.

Ndikuuzeni mmene zimaonekera pabwalo. Kumadera atsopano mnyamata waliwiro ndi wamphamvu amatenga mpira, kudutsa anthu atatu ndi dzanja lamanja lokha, n'kugoletsa, mwina kasanu pa masewero amodzi, makolo m'manja phwaphwaphwa. Mukamufikitsa ku Baltimore, wotchinga wa ndodo yaitali amamuzindikira m'mphindi ziwiri zoyambirira. Amaima kumanja kwake, kumutsekera njira, n'kumusiyira kumanzere dala. Akati atembenuke, wotchinga wachiwiri wafika kale, chifukwa wamva goloboyi akukuwa. Mpira wagwa pansi, ndipo iye asanawerame wina wautola, aponyerana kawiri, uli kale kutsidya kwa bwalo. Sikuti ana a kumeneko anabadwa ndi mapapo ena ayi. Anayamba ali ndi zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, kochi wawo wa giredi 3 anasewerapo ku yunivesite, ndipo Loweruka lililonse amakumana ndi anzawo amene sakhululuka ukalakwitsa. Zili ngati mwana wa ku Ndirande amene wakula akumenya chikulunga pakati pa akuluakulu: mpira umamumvera asanakumane n'komwe ndi kochi.

Chosangalatsa n'chakuti mbali yaikulu ya kusiyana kumeneku imakonzekera kunyumba, pa khoma. Osewera amati wall ball: kuima mamita angapo kuchokera pa khoma la njerwa, kuponya, kuwakha, kuponyanso, ka 100 kumanja, ka 100 kumanzere, magulovu ali m'manja, tsiku ndi tsiku, mpaka dzanja lamanzere lisiye kuchita manyazi. Chachiwiri ndi box lacrosse. Ku Canada cha m'ma 1930 eni nyumba zosewerera hockey ankasowa chochita nazo m'nyengo yotentha madzi oundana atachotsedwamo, ndiye analowetsamo lacrosse: anthu asanu ndi mmodzi mbali iliyonse, kagolo kakang'ono, goloboyi wovala zida zoti watsala pang'ono kudzaza golo yonse, ndi makoma mbali zonse moti mpira sutuluka wamba. Mwana amagwira mpira kambirimbiri pa ola limodzi. Amaphunzira kuwakha atapanikizidwa ndi anthu awiri, ndi kupusitsa goloboyi ali pamphuno pake penipeni. Mapasa Gary ndi Paul Gait a ku British Columbia anabwera ndi luso limeneli ku Syracuse kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 n'kusokoneza aliyense, ndipo Denver nayo inadalira lomweli. Kwanuko, kumene chisanu chimatseka mabwalo miyezi itatu kapena inayi, box ndi yosafunika kuiphonya.

Pali chinthu chimene makochi a makalabu sakonda kuchitchula. Ana osewera achuluka pafupifupi katatu, koma malo a m'mayunivesite a pamwamba, a Division I, sanachuluke choncho. Matimu a anyamata alipo pafupifupi 75, ndipo a kumadzulo kwa mtsinje wa Mississippi sakwana zala za dzanja limodzi: Denver, Air Force, ndi Utah imene inalowa mu 2019. Ku California konse, kumene kuli ana masauzande osewera, kulibe ngakhale imodzi. University of Texas, Alabama, Georgia ndi University of Florida, mayunivesite a ndalama zosaneneka, alibe timu ya anyamata ya NCAA. Gwero lake ndi mpira wa chiamerika. Umadya malo a anyamata oposa 100 ndi masikolashipu ambirimbiri, ndiye malinga ndi Title IX, yunivesite ikawonjezera anyamata ena 45 iyenera kupezanso malo a atsikana. N'chifukwa chake University of Michigan italowa mu 2012 inali nkhani yaikulu. Ena amatulukanso: Furman ya ku South Carolina inathetsa timu yake mu 2020 ndalama zitavuta nthawi ya Covid. Anyamata ambiri a kumadzulo ndi kummwera amasewera mu MCLA, ligi ya makalabu a m'mayunivesite, kumene wosewera amalipira yekha, ndipo kaseweredwe ka matimu ngati BYU ndi Colorado State si konyozeka ayi.

Kwa mwana wanu wamkazi zinthu zili bwinoko. Matimu a atsikana a Division I ndi oposa 120, ndipo Florida, Stanford, USC, Oregon ndi Colorado onse alimo. Maryland inalamulira kwambiri, mpaka kutenga chikho kasanu ndi kawiri motsatizana kuyambira 1995 mpaka 2001. Amene anachichotsa kum'mawa ndi Northwestern ya ku Evanston, pafupi ndi Chicago, zaka khumi Denver isanatero. Kelly Amonte Hiller, wa ku Massachusetts amene anasewera ku Maryland, anapatsidwa timu yongoukitsidwa kumene, imene inabwerera m'mipikisano mu 2002. Osewera anali osowa moti anaimitsa atsikana amapasa amene anawaona akuthamanga mumsewu, oti sanagwirepo ndodo chibadwire, n'kuwanyengerera kuti ayese. Mu 2005 mapasawo anali m'timu imene inatenga chikho osagonja ngakhale kamodzi. Northwestern inachitenga zaka zisanu motsatizana, n'kudzachitenganso mu 2011, 2012 ndi 2023. Awiri mwa ogoletsa oopsa a zaka zaposachedwapa sanachokere kum'mawa: Charlotte North ndi wa ku Dallas, Izzy Scane ndi wa ku Michigan, ndipo aliyense analandira Tewaaraton kawiri. Kwa atsikana, mawu a kochi wanu aja ayamba kutha mphamvu.

Tibwere ku ndalama. Kwa zaka zambiri timu ya anyamata ya Division I inkaloledwa masikolashipu 12.6 okha, ya atsikana 12, ogawidwa pakati pa osewera 30 mpaka 50. Ambiri ankalandira kachigawo chabe, ena osalandira kalikonse. Malire amenewa anachotsedwa mu 2025 kwa sukulu zimene zinalowa m'dongosolo latsopano, koma kuchotsa malire sikubereka ndalama, ndipo ndi sukulu zochepa zolemera zimene zingawonjezere. Cornell, Princeton, Yale ndi anzawo a Ivy League sapereka n'komwe sikolashipu ya masewera, amathandiza potengera mapezedwe a banja. Division III nayonso sipereka, chonsecho n'kumene kuli matimu ambiri, ena a iwo otchuka ngati Salisbury, Tufts ndi RIT. Pamene kalabu yoyenda maulendo, mukaphatikiza fizi, mahotela, mafuta ndi zakudya, imadya madola masauzande angapo chaka chilichonse. Mabanja ambiri amathera pamsewu ndalama zoposa zimene mwana adzalandire. Phindu lenileni la lacrosse n'lakuti amathandiza mwana kulowa yunivesite yovuta kulowa, koma amathandiza amene magiredi ake ali kale bwino. Kochi wa ku Yale, ngakhale atamufuna chotani, sangamunyamule mwana wolephera masamu.

Pali chinanso chimene simunafunse koma mudzachiona nokha. M'mabwalo ambiri mwana wanu adzakhala wakuda yekha, kapena mmodzi mwa awiri. Mtengo wa zida ndi wa makalabu wachititsa kuti masewerawa akulire m'madera a anthu opeza bwino, moti lero chotchinga ana ambiri ndi ndalama kuposa mtunda. Koma asadzione ngati mlendo. Jim Brown, amene dziko limamudziwa ndi mpira wa chiamerika, anasewera lacrosse ku Manhasset ndi ku Syracuse, m'timu yosagonja ya 1957 imene goloboyi wake anali Oren Lyons, yemwe anadzakhala mmodzi mwa akuluakulu a a Onondaga. Morgan State, yunivesite ya anthu akuda ya ku Baltimore, mu 1975 inagwetsa Washington and Lee, imene inali pakati pa matimu oopedwa nthawi imeneyo. Hampton, yunivesite inanso ya anthu akuda, inayambitsa timu ya Division I mu 2016. Trevor Baptiste ndamutchula uja ndi wakuda. Muuzeni mayina amenewa. Ndipo wina akamunenera zachipongwe pabwalo, nkhaniyo isathere m'galimoto pobwerera kunyumba, mukaitule kwa oyendetsa ligi.

Ndiye ndikanakhala inu ndikanatani? Kuyambira 2017 malamulo a NCAA salola makochi a Division I kukambirana ndi mwana zomutenga usanafike mwezi wa Seputembala m'chaka chake cha giredi 11. Lamuloli linabwera zinthu zitafika poti ana a giredi 8 ndi 9 ankalonjezedwa malo asanathe n'komwe msinkhu. Kwa inu zikutanthauza kuti holide yofunika kwambiri ndi ya pakati pa giredi 10 ndi 11. Mwana wa zaka 14 nthawi ali nayo. Chaka chino ndalama zipite pa zapafupi: box m'nyengo yozizira, kalabu ya kufupi imene imasewera ku Ohio, Michigan ndi Illinois, mipira yokwanira yomenyera khoma. Asasiye basketball kapena mpira wa miyendo. Makochi a mayunivesite amawakonda ana oterewa chifukwa mapazi ndi maso awo amakhala atachenjera kale, ndipo kutchinga kwa mu lacrosse kumafanana kwambiri ndi kwa mu basketball. Ulendo umodzi wa kum'mawa ndi wokwanira pakali pano, woti iyeyo akaone ndi maso ake chimene chikumuperewera. Akabwerako atapsa mtima n'kuthamangira kukhoma, mwadziwa kuti chaka chamawa mutha kuwonjezera. Akabwerako n'kuiwala ndodo m'buti ya galimoto sabata ziwiri, ndalama zanu zapulumuka.

Musanalipire kalabu iliyonse, funsani kuti ana amene anatulukamo zaka zitatu zapitazi ali m'mayunivesite ati, komanso kuti amene azidzaphunzitsa timu ya mwana wanu tsiku ndi tsiku ndi ndani, popeza mwini dzina lalikulu la pa chikwangwani nthawi zambiri amaoneka kamodzi pamwezi. Mtsikanayo mumugulire ndodo ya atsikana, musamupatsire yotsala ya mchimwene wake. Ukonde wa ndodo ya atsikana ndi wosazama, mpira sukhazikika mophweka ngati m'ya anyamata, ndipo akazolowera inayo adzavutika kusintha. Notre Dame ndi Northwestern zimasewera pakhomo kuyambira Febuluwale mpaka Epulo, ndipo polowa n'potsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi mpira wa chiamerika. Atengeni onse awiri, mukakhale chakufupi ndi golo kuti azimva goloboyi akulamula ndi kuona mmene otchinga amasinthanirana anthu.